Namulondola wa ku Andasibe ndi mapiri ometedwa a kwathu kuno

Kunali kusanayere bwino pamene tinalowa m'nkhalango ya Analamazaotra, pafupi ndi mudzi wa Andasibe, mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kum'mawa kwa mzinda wa Antananarivo, likulu la chilumba cha Madagascar. Mvula ya mawawa inali itagwa usiku wonse, kotero kuti kanjira kanali koterera ndipo mizu ya mitengo inkatikola m'miyendo. Patsogolo pathu pankayenda mayi wina wamfupi, wovala majombo ndi jekete yong'ambika pa chigongono, amene anali namulondola wathu, kapena kuti gaidi, monga amanenera anyamata a ku Mfuwe. Titayenda ngati theka la ola, mayiwo anaima, nakweza dzanja, naloza m'mwamba. Ine ndinayang'ana mpaka khosi kuwawa, koma ndinkangoona masamba ndi nkhungu. Kenaka, pa nthambi yomwe ndinali nditaiyang'ana kale kawiri konse, panatuluka mfuu yaitali, yokwera ndi kutsika ngati kulira kwa pamaliro kosakanikirana ndi lipenga, ndipo banja lina la nyama zomwezo linayankha kutsidya kwa chigwa. Ameneyo anali indri, yemwe eni dziko amamutcha babakoto, wamkulu mwa nyama zonse za mtundu wa lemur zimene zatsala padziko lapansi. Kwa amene sanamvepo za lemur, ganizirani za changa amene amalira usiku m'mitengo ya kwathu, pakuti ndi pachibale ndithu, kungoti babakoto ndi wamkulu ngati kamwana kokwawa, wakuda ndi woyera, ndipo mchira wake ndi kachitsa chabe.

Ndinakhala pa chilumbacho masiku 12, ndikuyenda ndi gulu la alendo kuchokera paki ina kupita paki ina, ndipo ndabwerako ndi nkhani imodzi imene ndikufuna kuitula pabwalo. Pa ulendo wokaona nyama, chimene mlendo amagula kwenikweni ndi maso a munthu wa komweko, ndipo nyama zimatsala kumene maso amenewo amalipidwa bwino komanso kumene mwini masoyo ali ndi mawu pa nthaka imene nyamazo zikukhala. Ife a chigawo cha kum'mawa kwa Zambia tinaidziwa nzeru imeneyi kale kuposa ambiri, koma tinaitsekera m'chigwa cha Luangwa ndi m'maloji a anthu ochepa, pamene mapiri a kumtunda kuno akumetedwa mpala tsiku ndi tsiku.

Madagascar si dziko lakutali monga momwe timaganizira. Lili kuseri kwa Mozambique, makilomita pafupifupi 400 kuchokera kugombe pamene nyanja yachepa kwambiri, ndipo timakhala nalo limodzi m'mabungwe a SADC ndi COMESA. Ndi chilumba chachinayi pa kukula padziko lonse. Chinenero chawo chinachokera kutali, ku zilumba za Indonesia, koma nditamva mlimi wina akutchula ng'ombe kuti omby ndi nkhuku kuti akoho, ndinaseka ndekha pozindikira kuti mawu ena anaoloka nyanja kuchokera mbali yathu ino. Chilumbachi chinapatukana ndi maiko ena zaka mamiliyoni ambirimbiri zapitazo, n'chifukwa chake nyama ndi zomera zake zambiri sizipezeka kwina kulikonse. Kuli mitundu ya lemur yoposa 100, kuli pafupifupi theka la mitundu yonse ya abirimankhwe a padziko lapansi, ndipo mitundu isanu ndi umodzi ya mlambe ndi ya komweko kokha, pamene ife kuno timadziwa umodzi.

Chimene munthu wa ku Chipata amazindikira msanga ndi zomwe kulibe. Kulibe njovu, kulibe mkango, kulibe njati kapena mbidzi. Ku Luangwa ngakhale munthu wosadziwa kanthu akhoza kukhala m'galimoto n'kuona mvuu zitadzaza mtsinje, pakuti mvuu siisowa woiloza. Ku Madagascar pafupifupi chilichonse chimene wapitira ndi chaching'ono, chobisala, kapena choyenda usiku. Tsiku lachiwiri mayi aja anagwada pansi pa mtengo, nayamba kutembenuza masamba ofota limodzilimodzi ngati munthu wosankha nyemba pa lichero. Patapita kanthawi ananditcha kuti ndiyandikire, ndipo pa tsamba limene anali atagwira panali birimankhwe wofiirira, wamfupi kuposa chala changa chaching'ono, atatambalitsa timiyendo ndi kuzungulitsa timaso take. Ndinali nditaponda pafupi ndi malo omwewo mphindi zingapo m'mbuyomo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinazindikira kuti kudekha kumeneko ndi ntchito ya munthu, yophunzira zaka zambiri, yoyenera malipiro ngati ukalipentala kapena unamwino.

M'mapaki a boma a kumeneko, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la Madagascar National Parks, mlendo saloledwa kulowa yekha. Umalipira pakhomo, kenaka umalipiranso gaidi wa komweko, ngakhale utabwera ndi gaidi wako wochokera ku likulu. Alendo ena m'gulu lathu ankadandaula kuti kumeneko n'kudyera anthu masuku pamutu. Ine ndikuti lamuloli ndilo chinthu chanzeru kwambiri chimene ndinachiona pa ulendo wonse, chifukwa limaonetsetsa kuti pa mlendo aliyense wofika, ndalama ina igwere m'manja mwa munthu amene adzagone m'mudzi womwewo usiku umenewo. Gaidi ali ndi anyamata ake ofufuza, amene amalowa m'nkhalango m'mamawa kukapeza kumene nyama zagona ndi kumuimbira foni, ndipo iwonso amalandirako. Ku Andasibe konko, magaidi a m'mudzimo anakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa Mitsinjo mu 1999, limene limasamalira chigawo china cha nkhalango, kufesa mbande za mitengo yachilengedwe ndi kuibzala kumene kunadulidwa. Munthu amene mwana wake amapita kusukulu ndi ndalama ya babakoto safuna msilikali woti amuuze kuti asatchere msampha.

Koma ndalama si yokha imene inasunga babakoto. Anthu ambiri a dera limenelo amakhulupirira kuti nyamayi ndi mbale wa makolo awo, ndipo kuipha kapena kuidya ndi fady, mawu awo otanthauza choletsedwa ndi mwambo. Pamene mayi aja ankafotokoza zimenezi, azungu a m'gulu lathu ankalemba m'timabuku ngati amva chodabwitsa, koma ine maganizo anga anathamangira kumudzi. Yendani m'midzi ya Achewa kuchokera ku Katete mpaka ku Chadiza, muone kumene kwatsala mitengo ikuluikulu yakale. Mudzaipeza kumanda ndi kudambwe. Palibe wa zankhalango amene amalondera kumeneko, palibe waya, koma nkhwangwa siifikako. Tikamakamba zosamalira chilengedwe timakonda kuyamba ndi mabungwe a kunja ndi misonkhano ya m'mahotela, n'kuiwala kuti nkhalango zimene zapirira kwambiri m'chigawo chino zasungidwa ndi mfumu, mwambo ndi mantha oyenera.

Ndisakunamizeni kuti ku Madagascar zonse zili bwino, pakuti wokonza ulendo aliyense amayesetsa kuti mlendo akhulupirire zimenezo. Ulendo wokaona nyama uli ngati kudumpha pa miyala pooloka mtsinje: umachoka pa kankhalango aka, n'kukhala m'galimoto tsiku lathunthu, n'kukatera pa kankhalango kena, ndipo zapakatipo amafuna kuti uzigone. Ine sindinagone. Pa msewu wa RN7, wochokera ku Antananarivo kulowera kumwera, ndinaona mapiri opanda mtengo mtunda wautali, dothi lofiira litang'ambika zigwembe zikuluzikulu zimene iwo amazitcha lavaka, mitsinje yofiira ngati madzi otsukira njerwa, ndi matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwa msewu, osiyana pang'ono chabe ndi malasha amene timawaona pa Great East Road. Akatswiri anawerengera kuti pakati pa 1953 ndi 2014 dzikolo linataya magawo 44 pa 100 alionse a nkhalango zake zachilengedwe. Mu 2020 bungwe la padziko lonse losamalira zachilengedwe la IUCN linalengeza kuti mwa mitundu 107 ya lemur imene linaunika, 103 ili pa chiopsezo cha kutha. Mlimi wa kumeneko amatema nkhalango, kuitentha ndi kubzala mpunga pa phulusa, ulimi umene amautcha tavy, ndipo sachita zimenezi chifukwa chodana ndi lemur. Amatero chifukwa ana ayenera kudya.

Ku Ranomafana nkhaniyi imaoneka mbali zake zonse ziwiri. Mu 1986 wasayansi wa ku America, Patricia Wright, pamodzi ndi anzake anapeza kumeneko mtundu wa lemur umene asayansi sankaudziwa, wa ubweya wagolide, wodya mphukira za nsungwi zokhala ndi poizoni woti akhoza kupha nyama ina ya msinkhu womwewo. Mu 1991 deralo linasanduka paki. Amene amakhala pafupi ndi khomo la paki, m'mphepete mwa msewu, anapeza ntchito za ugaidi, zophika ndi zogulitsa. Amene amakhala kuseri kwa nkhalango, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, anataya malo otema ndi osaka, ndipo mlendo samuona n'komwe. Kumeneko n'kumene moto umayambira. Aliyense amene anakhalako ku Malama kapena ku Msoro, m'chigwa cha Luangwa, akudziwa kuti paki imakoma mosiyana malingana ndi kutalika kwa mudzi wako ndi geti.

Malo amene anandisunthadi mtima ndi ang'ono kwambiri moti pa mapu ambiri saoneka. Anja ili makilomita pafupifupi 13 kumwera kwa tauni ya Ambalavao, m'munsi mwa mapiri atatu a miyala, ndipo kukula kwake ndi mahekitala ngati 30 basi, munda umene mlimi mmodzi wa fodya wa kwathu kuno akhoza kukhala nawo. Si paki ya boma. Anthu a m'midzi yozungulira, ataona kuti nkhalango yatsala pang'ono kutha ndipo madzi akuphwa, anagwirizana zoleka kutema pamenepo, ndipo kuyambira mu 2001 akhala akulandira alendo iwo eni. Lero pamalopo pali ma lemur a mchira wa mizeremizere, amene iwo amati maki, okwana mazana angapo, ndipo timawaona atakhala pa thanthwe m'mamawa, manja atatambasula, akuothera dzuwa ngati agogo pakhonde m'mwezi wa June. Wolandira ndalama pakhomo ndi wa m'mudzimo, gaidi ndi wa m'mudzimo, ndipo za ndalamazo amakambirana pa msonkhano wa mudzi. Mnyamata amene anatiyendetsa anatikweza m'miyala, natilozera mapanga amene makolo awo ankabisalamo pa nkhondo ndi ena amene anaikamo akufa awo, natiuza kuti pamenepo tisaloze ndi chala chotambasula. Ankalankhula ngati munthu amene akukuonetsa nyumba yake.

Tsopano tibwerere kwathu. Nzeru yoti mudzi udye kuchokera ku nyama zamoyo sitinaiphunzire kwa wina aliyense. Mu 1950 mzungu wina woyang'anira nyama, Norman Carr, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti apatule gawo la dziko la mfumuyo kuti likhale losungira nyama, namanga msasa wolandirirako alendo, ndipo ndalama zake zinkapita kwa anthu a mfumuyo. Kuchokera pamenepo kunabadwa maulendo oyenda pansi pakati pa nyama, amene lero atchukitsa South Luangwa padziko lonse. Pakiyi, imene inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo ili ndi masikweya kilomita 9,050, ili ndi kadyansonga wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse kunja kwa chigwachi, monga momwe babakoto sapezekera kunja kwa Madagascar. Magaidi a ku Mfuwe amalemba mayeso ovuta, amadziwa phazi la kambuku ndi kulira kwa mbalame iliyonse, ndipo pa luso lokha ndinganene mosaopa kuti ambiri a iwo amaposa amene ndinakumana nawo kutsidya kwa nyanja. Tinaonanso zimene zimachitika anthu akaona nyama ngati katundu wa boma: m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 njovu zinaphedwa zikwizikwi, ndipo chipembere chinatheratu mpaka chinachita kubwera ndi ndege ku North Luangwa mu 2003.

Funso langa ndi lakuti, patatha zaka zoposa 70 chiyambire pangano la kwa Nsefu, ndi malo angati oonerako nyama m'chigawo chino amene mwini wake ndi mudzi? Gaidi wa ku Mfuwe ndi wantchito wa loji, ndipo nyengo ya mvula ikafika misasa yambiri n'kutsekedwa, amabwerera kunyumba kukadikira. Ndalama zolowera m'paki zimapita ku boma. Mabungwe a anthu a m'madera ozungulira paki, ma Community Resources Board, amalandira gawo la ndalama za ulenje, koma madandaulo a kuchedwa kwa ndalamazo ndi nyimbo yakale. Pamene njovu yalowa m'munda kwa Kakumbi kapena kwa Mnkhanya n'kumaliza chimanga cha chaka chonse usiku umodzi, mwini munda salandira chipukuta misozi, amangouzidwa kuti abzale tsabola. Sindikunyoza maloji, pakuti ambiri amanga masukulu, akumba mijigo ndi kulipira asikauti ochotsa misampha, ndipo bungwe la COMACO lachititsa alenje ambiri kutula mfuti ndi mawaya pogula mtedza, mpunga ndi uchi wawo. Koma kulandira thandizo ndi kukhala mwini ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mnyamata wa ku Anja uja anali mwini.

Wina anena kuti kumtunda kuno kulibe choonetsa, popeza njovu zili kuchigwa. Madagascar ndiye yankho la mawu amenewa, pakuti anthu amalipira ndege kuchokera ku Paris kudzaona birimankhwe pa tsamba lofota. Ife birimankhwe timamuthawa, ana amamuponya miyala, ndipo timamuimba mlandu wa imfa chifukwa cha kuchedwa kwake m'nthano ya makolo, chikhalirecho nthano yomweyo ndi chinthu chimene mlendo angakhale pansi kuti aimve. Tili ndi mbalame za m'mitengo ya miombo zimene okonda mbalame amazisaka ndi ndalama zambiri. Tili ndi zojambula zakale pa miyala ku Thandwe ndi ku Mkoma. Tili ndi mapiri a Mphangwe, tili ndi bowa wa mitundu yambiri m'dzinja, ndiponso agogo odziwa dzina ndi ntchito ya mtengo uliwonse, amene akutha mmodzimmodzi popanda wolemba zimene akudziwa. Lamulo lilipo kale, chifukwa lamulo la zankhalango la mu 2015 limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu ndi kupatsidwa mphamvu yoyang'anira nkhalango yawo ndi kupindula nayo. Magulu ena apangidwa, koma nkhani yake yakhala ya uchi ndi ya ndalama za kaboni, zimene anthu amalipidwa chifukwa chosunga mitengo, ndipo za kulandira alendo sizimveka kawirikawiri.

Pali chotsutsa china chimene ndimachilemekeza kwambiri. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 2020 ndege zitaima chifukwa cha Covid-19, magaidi a ku Andasibe ndi a ku Mfuwe omwe anakhala miyezi yambiri opanda ndalama, ndipo mudzi umene waika mtima wonse pa mzungu umagona ndi njala tsiku limene mzunguyo waleka kubwera. N'chifukwa chake sindikunena kuti alimi asiye khasu. Anthu a ku Anja amalimabe mpunga wawo ndipo amawetabe ng'ombe. Ndikunena za mahekitala 30 pa phiri limene silimalimidwa n'kale, ndiponso za mlendo amene sitimamuwerengera: ana a sukulu a mu Chipata amene amaphunzira za mitengo pa bolodi, mabanja a ogwira ntchito amene Loweruka alibe kopita koma kumowa, abale athu ochokera ku Lilongwe olowera pa Mwami, ndi magalimoto a alendo amene amaima m'tauni muno kugula madzi ndi mafuta basi, n'kupitirira ulendo wa makilomita oposa 100 wopita ku Mfuwe osasiya kanthu panjira. Ndi anthu angati obadwira mu Chipata amene afika zaka 40 asanaonepo njovu yamoyo, chikhalirecho ili pa mtunda wa maola awiri kapena atatu?

Ugaidi ulinso ndi matenda ake, ndipo ndinawaona ndi maso. Pamalo ena a munthu payekha, nyama zinazolowetsedwa nthochi mpaka zimalumphira alendo pamapewa kuti ajambulitse. Usiku wina gaidi wina anagwedeza nthambi kuti kanyama kogona katsegule maso, ndipo alendo khumi anakaunika ndi matochi nthawi imodzi. Sindinamuweruze kwambiri, chifukwa munthu amene malipiro ake enieni ndi kangachepe ka m'manja mwa mlendo amachita chilichonse kuti mlendoyo amwetulire. Ndi matenda omwewo amene amaunjika magalimoto asanu ndi atatu pa kambuku mmodzi ku Luangwa. Mankhwala ake ndi mtengo wodziwika wolembedwa pakhomo, mayeso a magaidi, ndi bungwe la magaidi eni ake lotha kulanga mnzawo. Apa ndi pamene chigwa chingathandize mtunda: magaidi a ku Mfuwe amene amakhala opanda ntchito kuyambira December mpaka March ndiwo aphunzitsi amene makhonsolo a Chipata, Katete ndi Chadiza angawalembe kuti aphunzitse achinyamata a m'midzi, ndipo miyezi yomweyo ndi imene mapiri athu amakhala obiriwira, mbalame zoswa ndi bowa wophuka. Mafumu athu, kuyambira kwa Kalonga Gawa Undi ndi Inkosi ya Makosi Mpezeni mpaka kwa anyakwawa, ali ndi mphamvu yonena kuti phiri lakutilakuti lisakhudzidwe, monga momwe amanenera za manda.

Nditabwerako, ndikuyenda pa msewu wa ku Katete m'mwezi wa August, ndinaima kuti ndigule mbewa kwa kamnyamata ka zaka ngati 13 kamene kanali katanyamula mpani m'mbali mwa msewu. Pocheza ndinakafunsa kuti mbewazo n'zamtundu wanji. Kanandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, kenaka kanayamba kuloza imodziimodzi: uyu ndi kapuku, uyu ndi chitute, uyu ndi mende. Kanandiuza kusiyana kwa una wa chitute ndi wa bwampini, kumene sakhwi amadutsa, ndi momwe umadziwira kuti mu una muli njoka usanapisemo dzanja. Kanalankhula mphindi khumi osapuma, ndipo ine ndinkangoona mayi a majombo aja akutembenuza masamba. Tili chilankhulire, chigalimoto cha alendo chinadutsa chothamanga, nkhope zoyera zili pa mawindo. Ndinafunsa kamnyamatako kumene kadzasake sabata yamawa, ndipo kanaloza phiri limene linali lisanapse, nkunena kuti akulu ake agula kale machesi.